Tsitsi la Gilibati

Amama, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji?

Kuno ku Mzilawaingwe tilipo. Mdzukulu wanu Esinati wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Chimanga chaka chino chinaola ndi mvula, koma mbatata yachita bwino chomene. Ine ndiye mawondo akundikana.

Ndalemba chifukwa mng'ono wanga Yotamu ali gone ku Zolozolo, sakudzukanso, ndipo watumiza mawu kuti ndipite. Pakhomo pake sindinapondepo chitulukireni ine m'ndende. Inu munkati, "Chibale n'chipsera, sichichoka ndi sopo." Ndikudziwa. Koma nkhani yonse simunaimve kuchokera pakamwa panga.

Mukukumbuka chaka chomwe bwana wanga wa zankhalango ku Kaning'ina ananditenga kwawo ku Edinburgh kuti ndikamuphikire pa tchuthi, ine imvi zitangoyamba. Mzinda wakalekale, Amama. Nyumba zamiyala zakuda ngati kunsi kwa mphika, linga la mafumu lili pamwamba pa thanthwe. Tsiku langa lopuma ndinakwera kukaona lingalo. Kumeneko amaomba mzinga masana aliwonse, ine osadziwa. Utalira ndinadzigwetsa pansi ndi kukuwa, "Amama ine!" Azungu anangondiyang'ana. Koma munthu wina wakuda anaseka mpaka misozi, nati, "Adada, dzukani! Mwaoloka nyanja zonsezi kudzafera mzinga wouza anthu nthawi?"

Anali Gilibati wa ku Nkhata Bay, wotsuka mabasi. Anali mmodzi wa aja anathawa boma, amene mayina awo sititchula. Ndinazindikira msanga, koma njala yolankhula chakwathu inandiposa. Lamulungu lililonse ankandiyendetsa m'tinjira topanikiza ta mzindawo, m'matchalitchi ozizira, mpaka kumanda a pakati pa tauni, kumene anthu amakhala pa mitumbira n'kumadya buledi.

Kumandako ndi kumene anavula chipewa. Tsitsi lake linali thengo. Anandiuza kuti mayi ake anamwalira chaka chapitacho, uthenga n'kumupeza maliro ataiwalika kale. Anati, "Ometa a kuno amameta mutu, sameta maliro. Ndilibe m'bale kuno. Mukhale inu mkulu wanga." Ndinamumeta m'kachipinda kake ndi lezala, iye akulira mwakachetechete. Tsitsilo tinalimanga m'kansalu, ndipo ndinalonjeza kukalikwirira kumiyendo kwa manda a mayi ake.

Nditabwera ndinauza munthu mmodzi yekha, Yotamu, pomufunsa njira ya kumudzi kwa Gilibati. Nthawi imeneyo n'kuti Yotamu akufuna mpando m'chipani. Anakauza tcheyamani kuti ndabwera ndi mankhwala a zigawenga. Apolisi anadzanditenga pamodzi ndi kansalu kaja, inu mutaima pakhomo ndi lichero m'manja. Sindinakuoneninso. Munamwalira ine ndili m'kati. Kumeneko ankatimeta kawirikawiri chifukwa cha nsabwe, koma za maliro anu palibe anandimeta mpaka lero.

Ndinamva kuti Gilibati anafera konko ku Edinburgh. Chimvereni, m'mawa nkhungu ikatsika kuchokera ku Kaning'ina ndimamuona. Amaima patsidya pa msewu, chipewa m'manja, mutu uli mbee monga ndinausiyira. Salankhula, sakwiya. Amangodikira. Nkhungu ya kuno ndi ya kuja n'zofanana, mwina n'chifukwa chake sasochera. Ana amati ndakalamba, ndikuona zitsa. Zitsa sizigwira chipewa, Amama.

Mawa ndipita ku Zolozolo. Musasangalale msanga, sindinamukhululukire. Ndikamufunsa chinthu chimodzi: kansalu kaja kanathera kuti? Akadziwa, ndikakafukula ngakhale ndi zala. Akapanda kudziwa, ndikhalabe pambali pa mphasa yake, ndizimumwetsa phala, chifukwa tinayamwa bere limodzi. Tsiku lake lomwalira likadzafika ndidzakhala pansi anthu andimete ngati mkulu wake, ndipo lezala lomwelo lidzakhala la maliro anunso. Koma tsitsi langalo silidzatayidwa ku Zolozolo. Ndidzalimanga m'kansalu, ndidzakwera basi ya ku Nkhata Bay ndi mawondo omwewa, ndikafunsa manda a mayi uja mpaka ndiwapeze. Mwana wawo ananditcha mkulu wake. Alandire tsitsi la mwana amene wakwanitsa kufika.

Mukakumana naye Gilibati kumeneko, mumuuze avale chipewa, kukuzizira. Ndikupita ndithu.

Yewo, Amama. Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Yakobe