Akuti Akukangoona Basi

Loweruka lomaliza la mwezi. Mtima suli m'malo.

Amuna anga sanatsegule loja, sitolo yawo, lero. Kwawo ku Rwanda, Loweruka ngati lino aliyense amagwira ntchito ya mudzi, choncho iwo ndi anzawo anakakonza ngalande za kumsika wathu kuno. Anabwerako ali matope okhaokha, osandiyang'ana kumaso.

"Mayi a Tereza, sukulu imene takhala tikusonkhera kwathu ija yafika padenga. Anzanga asankha ine kuti ndikaone akamafolera."

"Mubwerako liti?"

"Ndikukangoona basi."

Mawu amenewo ndimawadziwa. Nkhondo ya dziko lathu lino itatha, bambo anga anachoka kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi akuti akukangoona mudzi wathu kuno ku Milange. Anapeza mango awo atabereka, ndipo ku Malawi sanakapondekonso.

Ku Rwanda nakonso mitengo imabereka.