Nkhaka ya kansalu kofiira

Bambo a mwana,

Pepani, simundipeza. Amayi agonekedwa kuchipatala, ndanyamuka ndi mwana m'mawa uno. Milungu isanu ndakhala ndikuwerenga masiku oti mubwereko ku ntchito yanu yamsewu, lero n'kuphonyana pakhomo!

Nkhaka za haibulidi zija zayamba kubereka. Muzithirira m'mawa, koma chitseko cha shedi ya pulasitiki momwe muli nkhakazo muzitseka. Chifundo chanu chija chotsegulira njuchi ayi, awa si maungu. Zikalowa, nkhaka zimapindika n'kuwawa.

Pamzere wachitatu pali ina ndaimanga kansalu kofiira. Ndiyo yoyamba. Mayi wina wapamsika waipempha kawiri, ndakana, ndimati tidzadyere limodzi. Likakwana Lachisanu ndisanabwere, ithyoleni isanakhwime, mudye theka. Theka linalo mwini wake mukumudziwa.

Ine wanu,
Mayi a mwana