Masamba a Maliro Pamsewu wa ku Majaua

Amayi, kodi kumeneko mwadzukako bwanji?

Ndine Rozita, wapakamwa wanu uja. Kuno ku Majaua tilipo, kungoti kukhalapo kwake ndi kwa apo ndi apo. Ndiyambe ndi zabwino, paja inu munkadana ndi munthu wofika pakhomo ndi misozi asanapereke moni. Mdzukulu wanu Ana wachira, wabereka mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kamwanako n'kolira kwabasi, koma nkhope yonse ndi inuyo. Nandolo wabereka chaka chino mpaka nthambi kuthyoka, ogula akungotiseka, ati wachuluka. Denga la khitchini linapita ndi mphepo. Mtondo wanu uja wa mlombwa wang'ambika pakati, ndipo waung'amba ndine. Musayambe kukalipa, ndifika pamenepo.

Tsopano ndifunse. Kodi Domingo wafika? Mzime wanu, mlongo wanga, tinamuika sabata yatha kumapazi kwanu. Mukamuona musathawe nkhope yake. Ndi yemwe uja, kungoti anamuphwanya. Ndiye amene watsala pakamwa pa ng'ona ndi Zito, mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo. Wakwana msinkhu, dzina lake analilemba kale ku tropa, ku usilikali kuja, akungodikira kuitanidwa. Chandikhazika pansi kuti ndikulembereni n'chimenecho.

Inu munachoka Domingo ali kunkhondo kumpoto, ku Cabo Delgado, ndipo munatsirizika maso ali kumsewu. Anabwera, Amayi, koma anabwera theka. Dzanja lamanzere linatsala komweko, nzeru zinanso zinatsala komweko. Chitseko chikangomenyeka ndi mphepo, bambo wamkulu uja ankadzigwetsa pansi n'kukwawira kuseri kwa nkhokwe. Mbuzi yathu yaikazi anaitema ndi khasu mpaka ubongo kuyera poyera, chifukwa chakuti inachita phokoso m'chimanga kumbuyo kwake. Mkazi wake anamugulula mano ndi dzanja limodzi lomwelo, mtsikana wa eni n'kuthawira kwawo ku Molumbo. Tsiku limenelo ine ndinamukwapula ndi chikuni mpaka chinathyoka. Sanabwezere. Anangokhala pansi n'kumayang'ana dzanja lakelo ngati la munthu wina.

Anandiuza kamodzi kokha, tili kumunda, dzuwa lili paliwombo. Ati analowa m'mudzi wina n'kupeza anthu atawakhazika pamzere pansi pa mtengo wa mango, manja atawamanga kumbuyo, aliyense mutu wake wodulidwa uli pamiyendo pake. Ati mnzake wa ku Molumbo anamuombera pamimba, matumbo n'kutuluka, ndipo anachedwa kufa, akuitana amake m'Chilomwe. Anamusiya pomwepo akuthawa, agalu ali kale pafupi. Amake a mnyamatayo mpaka lero sanaone mtembo. Anangolandira mawu.

Ndinakumbuka inu, Amayi. Ndinakumbuka nkhondo yoyamba ija, tsiku lija anatema bambo anga ndi nkhwangwa pakhomo ife tikuona, inu n'kundiberekera kumsana n'kuwoloka nane Ruo madzi ali m'khosi. Domingo munamubereka titabwerako ku Malawi, ndipo munkamuti mwana wa mtendere. Munkati mfuti isadzalowenso m'banja mwanu. Mayo ine, inalowa, ndipo inalowera mwa mwana wa mtendere yemweyo.

Ndiye tinamva kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo ku Maputo, omwe kuno timati adeputadu, anakweza manja kuti zaka za usilikali zichoke pa ziwiri zifike pa zisanu. Zisanu, Amayi! Domingo ziwiri zokha zinamudya dzanja, nanga zisanu Zito adzabwerako ndi chiyani? Tinali titamvanso kale kuti kunkhondoko anaitanako asilikali a maiko ena. Ine ndinkangodzifunsa: kodi zimenezi amapangana ndani? Kodi nkhondo imayamba ngati mvula, yopanda woitana? Inu munkati mutu umodzi susenza denga. Nanga denga la nkhondo, lolemera chonchija, analisenza angati, ndipo ife anatifunsa liti?

Amene anandiika nzeru m'mutu ndi Esinati, msuweni wanga wa kutsidya kwa Ruo, ku Mulanje, uja tinkasewera naye tili othawa nkhondo. Anabwera kudzagula chimanga ndipo anandiseka. Anati, "Inu a tsidya lino ndinu ogona. Kwathu phungu timamudziwa dzina, nyumba yake timaidziwa, pamaliro amabwera yekha ndi bokosi. Akatilakwira timamuimitsa pamsewu n'kumuuza m'maso kuti voti yathu asadzaionenso. Pitani kwa phungu wanu!" Ndipo inu mukudziwa, ife a m'malire muno wailesi timamvera ya ku Malawi, mikangano ya aphungu awo timaidziwa kuposa ya kwathu. Ndinangoti zoonadi, nafenso tili naye wathu. Sindinaganize n'komwe kuti povota paja ine sindinachongepo nkhope ya munthu wa ku Milange. Ndinachonga chizindikiro cha chipani basi.

Titamva kuti deputadu wina adutsa kuno popita kukaona mlatho wogumuka, ndinasonkhanitsa azimayi amene ana awo anapita kumpoto osabwerako. Tinapangana kuti tichite mwaulemu, mwa chikhalidwe chathu. Tinathyola nthambi zamasamba aawisi n'kuyala pamsewu, monga timachitira pakagwa maliro. Paja ana athu aja anafa opanda maliro, ndiye tinati awa ndiwo maliro awo. Ndani sadziwa masamba pamsewu? Wapanjinga amatsika n'kukankha, wachipewa amavula, ngakhale minibasi imayenda pang'onopang'ono wailesi itazimitsidwa. Tinati bwanayo akaona masamba atsika, atipepese, ndiye tiyankhula naye ngati anthu. Domingo anati apita nafe. Anasamba, anavala malaya oyera, mkono wopanda dzanjawo anaupinda bwinobwino ndi pini. Anati, "Achemwali, ndikawaonetsa ichi, amva. Zito asapite."

Magalimoto anafika awiri, fumbi lili kobo. Sanayende pang'onopang'ono ayi. Anaima mwadzidzidzi, ndipo alonda a bwanayo anatumpha mfuti zili m'manja, akukuwa m'Chipwitikizi kuti tatseka msewu, ndife oukira. Amayi, anthu aja masamba a maliro anawayesa msampha. Ife tikuimba nyimbo ya maliro, iwo akukoka mfuti.

Ine paja mantha anandithera pa Ruo. Ndinathamangira galimoto yakumbuyo n'kumenya galasi ndi chikhatho mpaka analitsitsa pang'ono. Munali bambo wonenepa bwino, wa tayi, thukuta lili kamukamu. Ndinati, "Bwana, kodi phungu wathu wa ku Milange ndinu?" Anayankha m'Chipwitikizi, ine n'kumatola zomwe ndikumva, zina Zito akundimasulira pambali. Ati iye si wa Milange, ndi wa Zambezia yonse, chigawo chathu chonsechi, chipani ndicho chinamuika. Ndinati chabwino, wa Zambezia yonse, ife tili m'Zambezia momwemo. Nkhondo imene yadya ana athuyi munaikambirana m'nyumba yanu ija? Asilikali achilendo munavomereza ndinu? Anapukusa mutu. Ati zimenezo zimachokera kumwamba, iwonso anamva zitachitika kale. Ndinati nanga zaka zisanuzi? Anayang'ana kumbali. Ati pamenepo anakweza dzanja, poti onse a mbali yake anakweza.

Iii, Amayi! Ndinati, "Ndiye inu ntchito yanu n'chiyani? Poyambitsa nkhondo sakufunsani, koma popereka ana athu dzanja lanu limakwera msanga! Dzanja lanu lija mukuliona lopepuka, taonani la mlongo wanga kumene linathera!" Ndinatembenuka kuti ndimuitane Domingo abwere aonetse.

Nthawi imeneyo n'kuti mlonda wina akukankha masamba athu ndi nsapato, kuwatayira m'ngalande. Domingo anawerama, anatola nthambi imodzi n'kuibwezera pamsewu. Mlondayo anaikankhanso. Domingo anaibwezeranso, modekha, n'kunena kuti, "Achimwene, awa ndi maliro." Basi mlonda uja anaombera m'mwamba.

Kulira kwa mfuti kuja kunamubweza Domingo kunkhondo. Ndinaona maso ake akusintha. Anakuwa mawu amene sindinawamvepo, n'kumulumphira mlondayo pakhosi, kumugwetsa, kumuluma khutu mpaka kulidula. Enawo anamuunjikira. Anamumenya ndi matako a mfuti kumaso, m'nthiti, pamkono wopanda dzanja womwe uja. Ndinamva chibwano chikuthyoka ngati chinangwa chouma. Ndinadziponya pamwamba pake, wina anandiponda pamsana n'kundikokera kumbali ndi tsitsi. Azimayi anabalalikira m'chimanga. Zito anamugwira anthu awiri, akulira, akulumpha ngati mbuzi yomangidwa. Malaya oyera aja anasanduka ofiira mpaka m'chiuno. Ndipo bwana wa Zambezia yonse uja anakweza galasi lake. Dzanja lake limadziwa kukweza zinthu, Amayi. Magalimoto anadutsa pamasamba pomwepo, n'kupita kukaona mlatho.

Tinamunyamula Domingo panjinga, titamumangirira ndi zitenje, kulowera kuchipatala. Sitinafike. Anatsirizikira panjira, mutu uli pachifuwa panga, akufuna kuyankhula koma pakamwa palibe pomwe mawu angatulukire. Diso limodzi lotsalalo linali pa Zito.

Ndinkayesa kuti zoopsa zathera pamenepo. Ayi ndithu. Titabwerako kumanda, Zito sanalire, sanadye, ankangonola chikwanje changa pamwala. Tsiku lina masana anandipeza ndikusinja nandolo mumtondo wanu, ndipo anati, "Amayi, ine sindidikiranso kuitanidwa. Mawa ndipita ndekha ku Milange ndikadzipereke. Ndikufuna mfuti. Ndikaphunzira kuombera ndidzawapeza amene anapha amalume." Ndinamudandaulira, ndinamutukwana, ndinamuuza kuti mfutiyo akamupatsa sakamutumiza kumene iye akufuna, akamutumiza kumene anatumiza amalume ake. Sanamve. Nkhope ija inali ya Domingo tsiku la mbuzi lija.

Ndiye ndinakumbuka zimene munkandiuza za mnzanu uja wa kutsidya kwa dambo, amene pankhondo yoyamba anadula chala cha mkombaphala cha mwana wake kuti ankhondo asamutenge. Munkati anthu anamutcha mfiti, koma mwana wakeyo ndiye anadzamuika m'manda. Ndinakhuthula nandolo pansi, ndinagubuduza mtondo n'kuuimika chadodolido, ndinalanda chikwanje chija m'manja mwake. Ndinati, "Ika dzanja apa." Ndinkayesa athawa. Analiika, Amayi, zala atazitambasula, n'kundiyang'ana m'maso. Anati, "Dulani. Ndidzaombera ndi linalo."

Ndinakweza chikwanje ndi manja awiri. Sindikunama, ndinali nditatsimikiza. Koma chikutsika ndinaona kachipsera kaja ka pachala chake, kamene anapsa ali wakhanda pogwira mbaula yanu, inu n'kumamupemerera mukulira kuposa mwini wake. Mikono inapotoka yokha. Chikwanje chinagwera pambali pa zala, chinalowa mumtondo, mtondo n'kung'ambika pakati mpaka pansi. Zito anayang'ana zala zake, zonse zilipo, anayang'ana ine, kenako anagwa pansi n'kulira kulira kumene sanalire pamaliro. Nanenso ndinakhala m'fumbi momwemo, pa nandolo womwazika, tikulira tonse ngati ana.

Kutacha ndinamutenga kupita naye ku Ruo. Sanavomere ndi pakamwa, koma miyendo inanditsatira. Tinawolokera padooko lomwe lija munandiwolotsera, kungoti tsopano madzi anali m'mawondo ndipo mwana wanga ndi wamtali kuposa ine, sindikanatha kumubereka. Ndinamugwira dzanja lomwe ndinafuna kulidulalo, sindinalisiye mpaka kutsidya. Ndamusiya kwa Esinati. Iyenso analira, ati nzeru yake ndiyo yapha Domingo. Ndinamuuza kuti asiye zimenezo, amene anapha Domingo ndikuwadziwa, ndipo amene anakweza galasi ndikumudziwanso. Zito sanatsanzike. Anangotembenuka n'kulowa m'nyumba. Andide, palibe kanthu, bola azindida ali ndi moyo.

Taonani, Amayi, inu munawoloka mtsinje uja ndi mwana kuthawa nkhondo, ine ndawolokanso ndi mwana kuthawa nkhondo, pamene ku Maputo kuli nyumba yonse yodzaza anthu amene tinawatuma kuti azifunsa m'malo mwathu tisanapereke ana. Akadzabwera kudzamufuna Zito adzapeza ine, ndipo adzamva pakamwa paja munkapadandaula. Masamba ndinakawayalanso pamsewu pomwe anagwera Domingo. Apanjinga akutsika, achipewa akuvula. Akauma ndikathyola ena.

Mumulandire mwana wanu wa mtendere. Mumusambitse nkhope, mumuuze kuti Zito zala zake zonse zilipo ndipo mfuti sanaigwire. Za mtondo mundikhululukire, ndidzakulipani tikadzaonana. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikulumbira pa manda anu awiri ogundanawo: wotsatira kufika kumeneko ndidzakhala ine, osati Zito.

Ndine mwana wanu,
Rozita