Kiyibodi Yatsopano ndi W Amene Anasowa pa Maliro a Bambo Zikani

KOMITI YA CHIPINDA CHA KOMPYUTA, HOLO YA ANTCHITO, ESITETI YA NAKHUMBE, THYOLO

Tsiku: Lachinayi, 12 Juni 2025
Malo: chipinda cha kompyuta, kuseri kwa holo
Nthawi yoyambira: 4:30 madzulo

Opezeka:
A Stafford Muhiwa, wapampando
A Mathew Chirambo, mlembi
Mayi Zelipa Namakhwa, msungichuma
A Philip Likhwiya, kapitawo, oimira antchito akumunda
A Hopeson Gondwe, mphunzitsi, oimira osewera magemu

Oitanidwa, opanda voti: mayi Mildred Mulekano, otayipira anthu makalata m'chipindachi
Opepesa: mayi Triza Mpasa, akudikirira matenda ku Makwasa
Osabwera, osapepesa: a Zakeyu Nihoriya

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero. A Likhwiya anapempha kuti mayi Mulekano akayembekeze panja mpaka aitanidwe. Wapampando anati kunja kuli chiperoni, mayi akhale.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga. Anakumbutsa mamembala kuti kompyuta yogwira ntchito ndi imodzi, masana imatayipira anthu, madzulo imaseweredwa magemu, ndipo komiti inavomereza kale kugula kiyibodi imodzi yokha. Zolembedwazo zinavomerezedwa.

3. Dandaulo la a Likhwiya

Wapampando anati komiti imve kaye dandauloli isanakambe zogula.

A Likhwiya anafotokoza kuti mwezi watha kunamwalira alamu awo, bambo Zikani, amene anali ndi akazi awiri. Mayi aakulu ndi mayi Fainess, achemwali awo a Likhwiya. Mayi aang'ono ndi a ku Nsabwe. Banja linalemba mbiri ya malemu pamanja ndi kuipereka kwa mayi Mulekano kuti atayipe. Pamanja panalembedwa kuti, "Malemu anadwala miyezi isanu kunyumba ya mayi aang'ono." Chotayipa chinatuluka kuti, "Malemu anadala miyezi isanu kunyumba ya mayi aang'ono." Mbiriyo inawerengedwa kumanda pa chimkuzamawu. Anthu anaseka, ena mpaka kubisa nkhope m'zitenje, mayi Fainess ali pansi pafupi ndi bokosi.

A Likhwiya anati imeneyi sinali ngozi, chifukwa mayi Mulekano kwawonso ndi ku Nsabwe. Anafunsa kuti, "Mbiri yonse ija, W anaona kuti pabwino pothawira ndi pomwepo basi?" Anapempha komiti kuti ntchito yotayipa ithe, chipinda chikhale cha magemu okha, ndipo mayi Mulekano abweze makiyi a chitseko.

Mlembi anadziwitsa komiti kuti anaiwerenga mbiriyo mzere ndi mzere, ndipo W anasowanso pa mawu akuti "mwambo", amene anatuluka "mambo". A Likhwiya anati chimenecho chinali chophimbira chabe.

Atapatsidwa mpata, mayi Mulekano anati batani la W linayamba kuvuta kumayambiriro kwa chaka, ndipo anauza komiti. Tsiku la malirolo abale anali kuwafulumiza chifukwa galimoto inali kudikira panja, ndipo pepala linatengedwa likadali lotentha, iwo asanaliwerenge. Anati, "Ine ndi mayi Fainess tathyola tiyi mzere umodzi tili atsikana. Ndiwaseke pa maliro a amuna awo kuti ndipezepo chiyani?" Anawonjezera kuti atayipa m'chipinda chino kuyambira nthawi ya taipilaita, ndipo ana awo amadya za ntchito imeneyi.

Mayi Namakhwa anafunsa kuti kodi mbiriyo anawerenga ndani kumandako. A Likhwiya anati amene anawerenga ndi iwo eni. Mayi Namakhwa anati, "Ndiye akapitawo, zala zinali za Mildred, koma pakamwa panali panu." A Likhwiya anaimirira. Wapampando anawapempha kuti akhale pansi, ndipo anapemphanso msungichuma kuti abweze mawu. Msungichuma anati abweza kamvekedwe kake, koma mawuwo ayi. A Likhwiya anati munthu woimirira pamanda, misozi ili m'maso, amawerenga zimene wapatsidwa.

A Gondwe anati akufuna kunena chilungamo ngakhale chikukhudza anthu amene iwo akuwaimira. Anafotokoza kuti m'magemu ambiri batani la W ndi loyendera kutsogolo, ndipo wosewera amalipanikiza osalisiya mpaka gemu ithe. Anati pa kiyibodi yakaleyi W ndiye wafufutika kuposa zilembo zonse, pamene Chichewa sichiyenda popanda W. A Likhwiya anati, "Aphunzitsi, a e i o u mukaphunzitse kusukulu. Pano tikukamba za achemwali anga."

4. Kuyesa kiyibodi yakale

Wapampando analamula kuti kiyibodiyo iyesedwe onse akuona, ndipo woyamba akhale wodandaula.

A Likhwiya anatayipa mawu akuti "anadwala" ndi chala chimodzi, akumenya mwamphamvu. Anatuluka bwino. Anabwereza, anatulukanso bwino. Anatembenuka nati, "Wafa uti?"

Mayi Mulekano anatayipa mwaliwiro lawo lamasiku onse, osayang'ana zala. Poyamba mawuwo anatuluka bwino. Atabwereza kunatuluka "anadala". A Likhwiya anati anawaona akukweza chala dala. Mayi Mulekano anati chala chawo chimenecho n'chopepuka, sichimenya ngati munthu akukhoma msomali.

Mlembi anayesa, ndipo kunatuluka "anadwwala". Mayi Namakhwa anakana kuyesa, nati akafika pa W kukhala kutada.

Wapampando anati kuyesaku sikunathetse nkhani. Mlembi akufuna zidziwike kuti zotsatira zonse wazilemba monga zinaonekera pa sikirini, ndipo ma W awiri amene ali pamwambapa si kulakwitsa kwa zolembedwa zino.

5. Kusankha kiyibodi

A Gondwe, amene anatumidwa kukafufuza ku Limbe, anati kiyibodi zotchipa zokhala ndi mphira pansi sizingalimbe m'chipinda chino. Analangiza kiyibodi yamakanika, imene batani lililonse lili ndi kaswichi kakekake. Kaswichi kamodzi kakafa, munthu amakazula n'kuikapo kena osataya kiyibodi yonse. Pa mfundo imeneyi onse anagwirizana.

Anapitiriza kuti maswichiwo ali mitundumitundu: abuluu, ofiira ndi abulauni. Mayi Namakhwa anati chaka chino n'cha masankho, ndipo sakufuna kumveka pamsika kuti komiti ya holo yavotera buluu kapena kufiira. Wapampando anagamula kuti mitundu isatchulidwenso. Ya maswichi abuluu izitchedwa "yaphokoso", ya ofiira "yachete", ya abulauni "yapakati". A Gondwe anati yapakati inatha m'sitolo ndipo mwini sitolo sakudziwa kuti ibwera liti. Zinatsala ziwiri. Anabweretsa zoonetsera: yachete ndi yawo, yaphokoso anabwereka kwa mnzawo wa ku boma.

A Gondwe anati osewera akufuna yachete. Mabatani ake ndi opepuka, amalowa munthu akangokhudza, ndipo m'gemu kuchedwa pang'ono ndi kufa. Anati yaphokoso imalira ngati mvula pa malata, ndipo kwaya ikamaphunzira nyimbo m'holo madandaulo adzabwera kwa iwo.

Mayi Mulekano anayesa zonse ziwiri. Pa yachete, zala zawo zitangopumira pa mabatani, pa sikirini panadzaza zilembo zosafunika. Anati iwo anaphunzira kutayipa maso ali papepala la mwini kalata, osati pa sikirini, ndiye amadalira khutu. Pa yaphokoso anatayipa ndime yonse osalakwitsa. Anati, "Iyi ikulankhula. Chilembo chikalowa imanena. Ikanakhala iyi tsiku lija, ndikanamva kuti pena sipanalire." Anati pa yachete sangathe kugwira ntchito, ndipo kuli bwino anene lero kusiyana ndi kudzachititsanso banja lina manyazi.

Msungichuma anavomera kuti magemu ndiwo amalipira magetsi a chipindachi kuposa kutayipa. Koma anati wothyola tiyi wofuna kalata yofunsira ntchito kapena pulogalamu ya ukwati alibe kwina kopita kufupi kuno.

A Likhwiya anati iwo za maswichi sazidziwa, koma amva kuti mayiwa yachete saitha, ndiye iwo ali ku yachete. Anati ikagulidwa imeneyo, dandaulo lawo latha lokha.

Wapampando anati popeza zafika pamenepa, voti ikhale imodzi: yachete ikapambana, kutayipa kwatha ndipo mayi Mulekano abweza makiyi, yaphokoso ikapambana, apitiriza ntchito. Mlembi anachenjeza kuti malamulo a komiti amafuna kuti nkhani ziwiri zivoteredwe payokhapayokha, ndipo kuchotsa munthu ntchito povotera kiyibodi kungadzafunsidwe ndi akuluakulu. Wapampando anati amva, koma kugawa votiyo n'kudzinamiza. Mlembi anapempha kuti chenjezo lake lilembedwe, ndipo lalembedwa.

Mayi Mulekano anapemphedwa kutuluka. Anatenga chikwama chawo, naika makiyi patebulo, nati asavutike kuwaitanitsa. Anakaima pakhonde.

Ovotera yachete: a Likhwiya ndi a Gondwe. A Gondwe anapempha kuti zilembedwe kuti avota monga anawatumira osewera, osati chifukwa chodana ndi mayi Mulekano. Mayi Namakhwa anati, "Aphunzitsi, mwathyola W ndinu, mukuthyolanso munthu."

Ovotera yaphokoso: mayi Namakhwa ndi mlembi.

Mavoti atafanana, wapampando anapempha kuti a Nihoriya aimbiridwe foni. Foni yawo inali yothimitsa. Anafunsa ngati nkhaniyi ingadikire mayi Mpasa. A Likhwiya ndi mayi Namakhwa onse anakana. Mlembi anawerenga lamulo lakuti mavoti akafanana wapampando ndiye amagamula.

Wapampando anadina batani limodzi la yaphokoso kangapo. Kenako anati, "Akapitawo, kumanda kuja ine ndinalipo. Nditamva mawu aja ndinaseka nawo. Abusa anaseka. Amene tinaseka ndife, ndipo tonse tikadali pa ntchito zathu. Sindingachotse mayi uyu yekha." Anavotera yaphokoso.

A Likhwiya anati sankadziwa kuti wapampando anaseka nawo. Wapampando anati tsopano adziwa, ndipo apepesa.

Zogwirizana:
(a) Igulidwe kiyibodi yaphokoso, ya maswichi ozuka, yopanda magetsi amitundumitundu. Igulidwe pamodzi ndi maswichi apadera osinthira. A Gondwe akagule, msungichuma awaperekeze.
(b) Mayi Mulekano apitirize ntchito.
(c) Pepala lililonse la maliro lisamatuluke m'chipinda mwini wake asanaliwerenge mokweza pamaso pa wotayipa, ngakhale galimoto ilize hutala.
(d) A Gondwe akafotokozere osewera. Iwo anati akafotokoza, koma komiti isadabwe ena akasiya kubwera.

Mayi Mulekano anaitanidwa ndi kuuzidwa chigamulo. Ananyowa mapewa ndi mawawa. Anathokoza mwachidule, natenga makiyi.

6. Zina ndi zina

A Likhwiya anapempha kuti mawu amene anasekedwa kumanda asalembedwe m'zolembedwa zino, chifukwa zimamatidwa pa bolodi ya holo ndipo anthu ayambanso kuseka. Mayi Mulekano anati mawuwo akachotsedwa, chotsala n'chakuti iwo anaimbidwa mlandu wonyoza maliro, ndipo wowerenga adzaganiza zoopsa kuposa chilembo chimodzi. Wapampando anagamula kuti mawuwo akhale, koma zolembedwa za lero zisamatidwe. Mlembi anakumbutsa kuti lamulo limati zimatidwe. Wapampando anati mlanduwo ukadzabwera udzakhale wawo.

Mayi Mulekano anapempha kulankhula komaliza. Anati chiikire maliro anapitako kwa mayi Fainess kukapepesa, koma anawayankhira m'nyumba kuti mipando yonse inapita kumaliro ndipo sinabwerere. Anati ntchito yabwerera, koma mnzawo wa kuutsikana sanabwerere. Anatembenukira kwa a Likhwiya nati, "Achimwene, inu ndinu mwini mbumba. Nditsogolereni. Ndikakhala pansi, mpando sindikuufuna."

Wapampando anafunsa a Likhwiya ngati angavomere.

A Likhwiya anati iwo sangatsogolere munthu kumeneko. Mayi Namakhwa anayamba kulankhula, koma wapampando anawaletsa ndi dzanja. A Likhwiya anati, "Simunandimve. Sindikukana. Chiwerengere pepala lija, achemwali anga sananditsegulirenso chitseko. Ndimakaima pa mpanda, ana n'kudzandiuza kuti amayi agona."

Mayi Mulekano anati ngati zili choncho apite onse awiri Lamlungu masana, akaime pa mpandapo limodzi. A Likhwiya anati aona. Mlembi anafunsa ngati alembe kuti avomera kapena akana. A Likhwiya anati alembe kuti "aona".

7. Msonkhano wotsatira

Lachinayi, 10 Julayi 2025, malo omwewo, 4:30 madzulo.

8. Kutseka

Wapampando anapempha a Likhwiya kuti atseke ndi pemphero. A Likhwiya anati lero apemphere wina. Anapemphera mayi Namakhwa. Msonkhano unatha 6:20 madzulo.

Wapampando: Stafford Muhiwa ______________________

Mlembi: Mathew Chirambo ______________________