Malo Anu pa Khadi la Chipatala

Amayi, kodi kumene muliko mukudzuka bwanji? Ife kuno tilipo. Mvula inadula msanga, moti watiombola ndi munda wakudambo wokha. Mbuzi yanu yamawanga ija inaswa ana awiri, koma mwano sinasiye, ikutafunabe zovala pachingwe. Chiliza chanu sitinamange, tikudikira kuti fodya wa achimwene agulidwe ku okushoni.

Makuponi a feteleza atabwera, dzina lanu linali litachotsedwa kale. Ndinadabwa kuti anthu ochedwa pa chilichonse, pa imfa amathamanga. Mzime wanu Esinati anachita kugawana thumba limodzi ndi anzake, ndiye chimanga chake mungachidziwe nokha. Mwamuna wake chipitire ku Joni sanatumize ngakhale moni.

Koma chimene ndakhalira pansi ndi nkhani ya kuntchito. Mukukumbuka khadi la kachipatala ka pa esiteti pomwe ndimasankha fodya, lija munkalisunga m'Baibulo? Pali ine, akamwini anu bambo a Limbani, ana athu awiri ndi inu, basi malo atha. Kalaliki wakhala akundiitana kuti pakagwa maliro, ukwati kapena pakabadwa mwana, khadi limayenera kukonzedwa. Ine ndinkangomuzemba. Ndinkaona ngati ndikukuikani m'manda kachiwiri, ndipo mtima unkakana.

Ndili ndi pakati, Amayi. Ndikudziwa kuti zotere sitilengeza, koma inu ndingakubisireni bwanji? Bambo a Limbani atamva anati nkhani yatha, malo anu adikire wobwerayo. Sanalakwe ayi, chifukwa malo akalembedwa munthu sasinthidwanso wamba, ndipo khanda limadwaladwala.

Vuto ndi Tamanda, mwana wa Esinati. Mphumu ija munkaifukizira masamba a bulugamu yakula. Nyengo yosoka fodya ino ndinamupeza masana kuseri kwa chigafa atakhala chogwada, mapewa akukwera ndi kutsika, milomo itachita phulusa. Sanathe ngakhale kundiyankha moni. Chipatala cha boma chili kutali, ndipo mwana wobanika sumukweza pa njinga mtunda wonsewo. Pa esiteti mankhwala opopera m'kamwa alipo, koma amapatsa okhawo olembedwa pa khadi. Ndinachita mantha, Amayi, mantha omwe ndinachita tsiku limene munasiya kulankhula.

Kunyumba ine ndi bambo a Limbani tinakambirana zomulemba Tamanda pa malo anu, mpaka tinakangana. Iwo ankati mwana wa eni ali ndi bambo ake, kaya ali ku Joni kaya kuti. Ine ndinkangomva mawu anu aja akuti chibale ndi fupa, sichiola. Pamene ine ndi Esinati tinkalimbirana nsalu, munkatiuza kuti tilimbirane zonse, koma ana tisadzawagawe.

Lolemba ndinapita ku ofesi ndekha. Kalaliki anandiwerengera lamulo lakuti malowo ndi a kholo kapena mwana wa wantchito. Nditatchula dzina la Tamanda, anaimitsa cholembera.

"Ameneyu ndi mwana wanu, mayi?"

"Ndi wanga."

Sindinaname, Amayi. Chiyambire kulankhula amanditcha amayi aakulu, ndipo ine mawu ena omutchulira sindiwadziwa, simunandiphunzitse. Kalalikiyo kwawo ndi kwa mfumu Lukwa, mwambo umenewu anakulira momwemo. Anayang'ana mimba yanga, nkundiyang'ana kumaso, nkundifunsa ngati ndaganiza bwino. Nditavomera anatenga rula, nkudula dzina lanu ndi mzere umodzi, pansi pake nkulemba la Tamanda. Munkati cholembera chilibe manyazi, ndipo ndinaona ndi maso anga. Ndinatuluka bwinobwino, koma nditafika kuseri kwa shedi ya mabelo ndinalira ngati uthenga wa maliro anu wangondipeza kumene.

Tamanda analandira mankhwala ake ndipo sabata ino wapita kusukulu. Esinati anabwera ndi nkhuku kudzathokoza, ine nkumubweza nayo, chifukwa munthu sathokozedwa pa mwana wake. Bambo a Limbani akundiyankha mawu amodziamodzi. Sindikuwaimba mlandu, nawonso akudera nkhawa magazi awo, ndipo nkhawa yomweyo ine ndikugona nayo.

Ndiye mundikhululukire kuti ndakuchotsani, ndipo mundipempherere kumeneko, pakuti mdzukulu wanu akubwerayu adzapeza malo atatha. Ndikulonjeza kuti akadzatentha thupi sindidzadandaula kwa munthu. Ndidzamubereka kumbuyo nkuyenda naye mpaka ku chipatala cha boma, monga munkachitira ndi ine popanda khadi lililonse.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka lero,
Felesiya