Kadola ka 1856 pa Tcheni cha Dalys

Lachisanu, 5 Januwale

Iwe amene watsegula kope ili osandipempha, usanayambe kundiseka tandiyankha: unagwirapo chinthu chazaka zoposa zana ndi theka chimene palibe munthu anachiwonongapo? Ngati ayi, tseka, ubwezere pomwe walitenga.

Ndikulemba chifukwa ndapsa mtima, ndipo chimwalirireni mkazi wanga Dalys m'nyumba muno mulibe womuuza.

Mwana wanga Yaribeth waimba foni kuchokera ku likulu, koyamba chiyambire Novembala. Za bondo langa sanafunse n'komwe. Akuti mwana wake Milagros avala polera, diresi lathu lachikhalidwe lotambalala, koyamba pa perete wa Loweruka la sabata yamawa, kuno ku Las Tablas, ndipo m'khosi avala tcheni cha Dalys, chija cha ndalama zagolide. Koma korona mmodzi, kamkombero kogwira ndalama, ali pululu. Ndalama yake inagwa kalekale Dalys akuvina pa chikondwerero cha Kanivalo.

"Papa, inu muli ndi tidola tambirimbiri tongogona m'bokosi. Kamodzi kokha."

"Sitikugona. Ndikutisunga."

"Kusungira ndani?"

Ndadula foni.

Loweruka, 6 Januwale

Mphepo ya kumpoto yayamba. Fumbi lokhalokha, zitseko kumenyetseka. Ndatseka mawindo, ndayala nsalu pa tebulo, ndatulutsa tidola.

Anthu kuno akaona ndalama yagolide amangofunsa kulemera kwake. Kenako aiboola, aiwotcherera kangowe, aipachika pa chifuwa. Ine ndinakonza mabasi zaka zanga zonse, sukulu ndinalekezera pulayimale, koma buku la ndalama la Chingerezi ndinaliwerenga ndekha ndi dikishonale mpaka linathothoka chikuto. Ndikudziwa kuti golide wa kadola ndi wochepa, sakwana n'komwe magalamu awiri. Chimene chimagulidwa ndi khungu lake, ndi kachilembo kosonyeza komwe kanasulidwa.

Yaribeth (ndizingoti Y.) watumiza chithunzi cha korona ali pa rula. Mamilimita khumi ndi asanu. Tsoka langa. Tidola tanga pafupifupi tonse ndi ta mtundu woyamba, ting'onoting'ono, tingamangogwedera m'menemo. Totakata ndili nato tiwiri. Kena ndi kabodza, kamene ndinapusitsidwa nako ku Colón ndikuyamba kumene. Kenako ndi ka S.

Ka S: 1856, kosulidwa ku San Francisco, mutu wa mkazi wovala nthenga. Kanadutsa dziko lino m'thumba la munthu wochokera ku migodi, kenako kanagona m'chitini cha banja lina mpaka ndinakapeza. Sikanatsukidwepo. Khungu lake ndi lofiirira ngati uchi wakale. Mkulu wina wa ku likulu anafuna kundipatsa mtengo wa ng'ombe zitatu. Ndinamupatsa khofi n'kumuperekeza pa geti.

Kale Loweruka ngati lero ndinkaonera limodzi ndi malemu Tiburcio, yekhayo m'tauni muno amene ankadziwa kugwira ndalama m'mbali. Lero ndayankhula ndi wailesi.

Lolemba, 8 Januwale

Ndaimbira Y. Ndati ndimupatsa kabodza kaja. Ndi golide ndithu, kungoti sikanasulidwe kumene kamanena. Pa chifuwa, padzuwa, angadziwe ndani?

"Chabodza pa tcheni cha amayi? Papa, mukudziwa mmene azimayi a kwathuko amayang'anira. Amagwira, amatembenuza."

"Azimayi a kuno sangasiyanitse dola ndi chitsekerero cha botolo."

"Ndi mdzukulu wanu mmodzi yekha."

"Ndipo ka S nako ndi kamodzi kokha."

Wadula ndi iyeyo ulendo uno. Mtima anatengera kwa ine, palibe womunena.

Lachiwiri, 9 Januwale

Tsiku lokumbukira ofera dziko. Mowa sagulitsa, nyimbo kulibe, tauni yonse zii.

Y. ndi banja lake afika lero. Ndinasesa chipinda cha Y., ndinayanika matiresi, ndinagula nkhuku yophikira msuzi wa sankocho. Kenako ndamva kwa wogulitsa madzi oundana kuti galimoto yawo yaima kwa Chela, mng'ono wake wa Dalys. Akuti chifukwa Chela ndiye amadziwa kuveka polera.

Nkhuku ndaphika ndithu. Ikhala yanga mpaka Lachisanu.

Lachitatu, 10 Januwale

Milagros wabwera yekha, tcheni atakulunga m'mpango. Watalika. Akuyenda ngati Dalys, phewa limodzi patsogolo.

"Agogo, sindinabwere kudzapempha. Amayi akuti muli ndi tindalama tochepa kuposa chikhadabo, ine ndati akunama."

Ndamukhazika pa tebulo. Ndamuuza asambe m'manja, agwire m'mbali, asapumire pamwamba. Ndamupatsa kagalasi kokuzira zinthu. Poyamba amatsinzina diso lolakwika. Kenako wafuula.

"Pali ka S apa pansi! Kakubisala!"

Zaka makumi atatu ndakhala ndikudikira munthu wa m'banja langa kuti anene zimenezo. Wafunsa chifukwa chake kali kofiira pomwe tina n'tachikasu. Wafunsa mmene ndinadziwira kabodza. Ndamuonetsa timadontho ta m'mbali mwa zilembo, ndipo kadontho kachiwiri wakapeza yekha ndisanamuloze. Wadya sankocho mbale ziwiri, n'kunena kuti mchere ndachulutsa. Zoona.

Ndatenga ka S n'kukaika pa korona wopanda kanthu uja. Kalowa ngati kanabadwira momwemo.

Ndamuuza malamulo: moto ayi, kupukuta ayi, Lamulungu kabwerere. Waika dzanja pamtima ngati akuimba nyimbo ya fuko. Tinaseka.

Atapita nyumba inakula kuposa kale.

Lachinayi, 11 Januwale

Kwa Elpidio wosula golide. Ndaima pambali pake mpaka wamaliza.

"Don Nicanor, mukundipumira m'khosi. Khalani pansi."

"Ndikhala mukazimitsa chimoto chanucho."

"Inu ndalama mumaisamala kuposa mmene mumasamalira mano anu."

"Mano amagulidwa, mkulu."

Wapinda timano ta korona ndi kamtengo, osakhudza nkhope. Ntchito yabwino, ndamuuza. Wati alemba tsikuli pa khoma chifukwa sanandimvepo ndikuyamika munthu.

Tcheni ndakasiya ndekha kwa Chela. Nyumba yodzaza azimayi, nsalu pa mipando, timaluwa ta mikanda ta m'mutu tili mbwee pa bedi. Y. wandipsompsona pa tsaya, mwachangu, ali ndi mapini pakamwa. Ndayamba kufotokoza malamulo, Chela wati, "Tamva, alamu, tamva, taimani uko mukuponda nsalu." Palibe wandiuza kuti ndikhale. Ndabwerera.

Lachisanu, 12 Januwale

M'bokosi muli malo opanda kanthu. Ndatsegula kangapo ngati sindikudziwa. Ndasita malaya oyera, ndatsuka chipewa. Ng'oma akuyeserera kumsika.

Loweruka, 13 Januwale

Ndilemba mmene zinachitikira, osakometsa.

Ndinafika kwa Chela m'mawa. Milagros anali pa mpando pakati pa chipinda, polera yoyera ya maluwa ofiira, tsitsi litagawidwa pakati, mutu theka wodzaza timaluwa. Ndinaima pakhomo. Kenako Chela anabwera ndi mbale ya matcheni, onse akunyezimira mpaka kuthobwa m'maso.

Onse.

Ndinatenga cha Dalys. Ka S kanali kachikasu mbee, ngati kagulidwa dzulo pa sitolo ya zidole.

"Mwakatani?"

"Takatsuka, alamu. Ndimu, soda ndi mswachi, monga timachitira chaka chilichonse. Kanu kaja kanali kakuda, kamachititsa manyazi tinzake. Ndinakapikita kawiri kuti kafanane nato."

Anayankhula monyada. Ankadikira zikomo.

Kagalasi ndimayenda nako m'thumba. Timizere tokhatokha, uku ndi uku, pa tsaya la mkazi uja, pa nthenga, ngati nkhuku zapalasapo. Zaka zana ndi makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, mswachi umodzi.

Ndinakuwa. Ndinati ndi mbuli. Ndinati manja ake ndi oyenera kukwecha miphika, osati golide. Ndinati Dalys akanakhalapo sakanamulola ngakhale kugwira chitseko cha kabati. Chela anayamba kulira, kenako anati, "Dalys yemweyo ndiye anandiphunzitsa ndimu ndi soda!" Azimayi onse kuyankhula nthawi imodzi. Wina kumbuyo anati, "Golide ndi golide, don Nicanor, sanachepe." Ndinamuyankha nayenso.

Milagros anati anamuuza Chela usiku kuti asakapukute, koma mwanayo anagona msanga chifukwa cha kudzuka m'mamawa. Misozi inayamba kuwononga zopaka kumaso. Apo Y. anandigwira pa mkono n'kunditulutsa panja.

"Papa, lero ndi tsiku la mwana. Pitani kunyumba."

"Wandiwonongera..."

"Ndamva. Pitani."

Ndinapita.

Perete ndinaonera kumbuyo kwa anthu, pafupi ndi wogulitsa chicheme, chakumwa cha chimanga ndi mkaka, nditaima pa mwala. Mapolera kusefukira msewu wonse, ng'oma, malipenga. Ndinamuona akudutsa. Anatambasula nsalu mbali zonse, akuzungulira pang'onopang'ono, akumwetulira mmene anamuphunzitsira. Pa chifuwa china chake chinang'anima padzuwa. Sindinathe kudziwa kuti ka S ndi kati. Iye sanandione.

Madzulo Elpidio anandionetsa pa foni yake chithunzi chimene Y. watumizira anthu. Pa masitepe a tchalitchi: Milagros pakati, Y., mwamuna wake, Chela, ana a Chela, ngakhale woyendetsa galimoto wa Chela. Pansi analemba kuti "banja lonse".

Lamulungu, 14 Januwale

Milagros wagogoda nditangomwa khofi. Jinzi, tsitsi lomasula, maso otupa. Wandipatsa kapepala kopinda. M'kati ka S. Chela anakachotsa m'korona ndi mpeni wa kukhitchini, ndiye m'mbali muli kachipsera katsopano.

"Ndinalonjeza Lamulungu, agogo. Ndagwira m'mbali."

Ndayang'ana ndi kagalasi nthawi yaitali, iye ataima. Mkulu wa ku likulu uja sangaperekenso ngakhale mwana wa ng'ombe. Palibe mmisiri padziko pano amene angabwezere khungu limene lija. Ndamuuza zimenezo, chifukwa anafunsa, ndipo ine sindinamiza munthu.

"Ndiye kafa?"

"Kwa osunga ndalama, kafa."

"Koma ka S kakadalipo. Ndinayang'ana."

Wati anyamuka madzulo, bambo ake ali ndi ntchito mawa. Wati pa masitepe paja anandifunafuna, amayi ake anati ndisiyidwe ndizizire. Wapsompsona chipumi changa n'kuthamanga.

Ndayesa kukabwezera m'bokosi. Pakati pa tinzake kakuoneka ngati mlendo wovala suti ku khola. Si ka m'bokosi tsopano. Chela wakasandutsa ka pa tcheni, ndipo tcheni chili ndi dzenje kachiwiri.

Ndakadzutsa Elpidio pa Lamulungu. Watukwana, koma watenga kamtengo kake, ali pano pakhonde akumwa khofi wanga. Malaya oyera ndavalanso. Y. sakuyankha foni, ndiye ndamutumizira mawu, ndipo ndikuwalemba pano kuti asadzati sindinanene:

Yaribeth, sindikupepesa kwa Chela, iyeyo ndiye apepese, koma zimenezo zidikire. Galimoto isanyamuke. Bwera nacho kuno tcheni cha amayi ako, Elpidio ndamusiya pakhonde, abwezeremo kadola, ndipo sikadzachokamonso, ndi ka Milagros. Muvekeninso mwanayo polera, timaluwa tonse, ngakhale zitenge tsiku lonse, ngakhale mwamuna wako achedwe ku ntchito. Chithunzi chija n'chabodza, ndipo zabodza ine ndimazidziwa. Si banja lonse limenelo. Ndikupita ku masitepe a tchalitchi, ndikakhala pomwepo. Bwerani mudzajambulenso.