Kuonerera a Tayi

Lolemba, 2 Juni

Mndandanda wa aphunzitsi oti ndikawaonerere m'kalasi mwezi uno watuluka. Pakati penipeni, a Tayi. Ndinachita kufuna mpando. Omwe aja anandiphunzitsa masamu ndili kamtsikana ka mamina. Dzina lenileni ali nalo, koma amalitchula ndani? Dzuwa liswe mtengo, tayi ili pakhosi.

Ulangizi wa aphunzitsiwu sindinauzolowere n'komwe. Kukhala kumbuyo kwa kalasi ndi fomu, kumachonga: wakonzekera, ana akumva, makope akuwaona. Ndiye ine ndikachonge a Tayi? Bambo a kunyumba akungoseka, akuti, "Kabweze zikwapu zija." Ine sizikundiseketsa.

Lachinayi, 5 Juni

Ndapita. Ahedi kundilandira ngati ndabwera ndi malipiro, tiyi, mpando wa khushoni. Kenako motsitsa mawu: "Mayi, madalawa atsala ndi chaka chimodzi kuti apume. Muwaone ndi diso lachifundo." Tiyi uja anandiwawira pomwepo.

Kalasi yolemba mayeso chaka chino. Ana othithikana, mawindo opanda magalasi. Ndinakhala pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi matsache. Kuphunzitsa kokha, abale! Mawu omwe aja, nthabwala zomwe zija. Buku osatsegula, zonse za m'mutu. Ana kukamwa yasa.

Koma pabolodi. Analemba samu pamwamba pa samu ina yosafufuta. Ana osaseka, kumangolemba zomwe akumva. Wina akakweza mkono, a kutsogolo amanong'ona dzina, iwo n'kulitchula mokweza atayang'ana kwina. Choko chitagwa anachifufuza ndi phazi.

Maso apita. Ana akudziwa, ahedi akudziwa. Mlendo ndinali ine ndekha.

Lachisanu, 6 Juni

Ndinabwera nawo kunyumba mulu wa makope. Chonga, chonga, chonga, tsamba lililonse. Mwana wina walemba kuti theka kuphatikiza theka ndi ziwiri mwa zinayi. Wachongedwa, ndi "wachita bwino" m'munsi mwake. Wina samu sanaimalize n'komwe, wachongedwanso. Chiyambireni chaka zili choncho. Ana awa akudziona akatswiri, mayeso ali pakhomo.

Fomu sindinaikhudze. Ndachapa makatani osada.

Lamlungu, 8 Juni

Akazi awo a Tayi anandipeza pano masana. Atopa mayi aja, miyendo yotupa. Sanazungulire: "Mwanangu, nyumba tikukhalayi ndi ya sukulu. Akawapumitsa chifukwa cha matenda, adzukulu atatu aja ndikawagoneka kuti?" Akuti madzulo amawawerengera buku, iwo n'kumaloweza phunziro lonse la mawa. Kuchipatala anawauza kuti adikire. Akudikirabe.

Ndinangoti ndamva, mayi. Ndamva chiyani? Powaperekeza ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndinabwerera kwa ahedi. Bwanji wina azichonga makopewo, a Tayi azingophunzitsa? Anatambasula manja. Aphunzitsi ndi ochepa, aliyense akulira ndi mulu wake. Ndinati nanga bwanji simunanene kale? Akuti, "Ine ndimadya nawo limodzi, mayi. Inu mumabwera n'kupita." Eya. Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma mutu wake ndi wanga, wongokula dzulodzuloli.

Abwana ku ofesi afunsa kawiri za lipoti. Bambo a kunyumba asiya kuseka. Akuti lemba zabwino, chaka sichichedwa kutha. Ndinawafunsa kuti mwana wa theka ndi theka uja akanakhala wathu akanatero? Anatuluka kukakonza njinga yosawonongeka.

Lachitatu, 11 Juni

Ndalemba. Zabwino zonse, ndipo n'zambiri. Kenako ndime yomaliza. Kuti sakuona. Kuti makope sakuwerengedwa. Kuti kalasi ipatsidwe kwa wina msanga. Ndikudana nayo ntchito iyi. Ndikudana ndi ahedi. Pang'ono ndikudananso ndi a Tayi, bwanji osanena okha?

Chatsala n'choti mwini wake awerenge, tikambirane, asaine. Lamulo lake ndi limenelo.

Lachisanu, 13 Juni

M'kachipinda kosungira mabuku, fungo la fumbi ndi mileme. Anabwera atavala tayi yofiira. "Amayi alangizi," akutero uku akuwerama mwanthabwala. Ndinawapatsa pepala. Analigwira, kulitembenuza, kulibweza. "Magalasi ndaiwala, tandiwerengere mwanawe."

Ndinawerenga. Amadziwa phunziro lawo. Ana amawakonda. Amafotokoza momveka. Iwo kumangogwedeza mutu. Nditafika pa ndime ija mtima unandithawa. Ndinalumpha, ndinapita pa mawu otsekera, ndinati basi ndi zomwezi, aphunzitsi.

Kenako: "Walumpha mzere." Ndinakana. "Iwe, moyo wanga wonse ndakhala ndikumvetsera ana akuwerenga. Mwana akalumpha amapuma molakwika. Bwerera."

Ndinabwerera. Ndinayamba monong'ona. "Kweza mawu, sukuwerengera nyerere." Ndinakweza. Yonse, mpaka pa "msanga". Misozi ili chuchuchu, ine mayi wamkulu, mlangizi.

Sanakwiye. Bola akanakwiya. Anafunsa kuti makopewo afika poipa bwanji. Ndinawauza za theka ndi theka. Anagwira pakamwa. "Ndinachonga zimenezo, ine?" Kenako anapempha cholembera, ndiwaikire chala posaina. Anasaina bwinobwino, mchira wa dzina uja n'kuupinda monga kale.

Ali pakhomo anatembenuka, kuyang'ana pomwe ankaganiza kuti ndaima. "Mayi ako aja, akazi anga, usawauze, ndikawauza ndekha. Koma makopewo undibweretsere mawa. Uziwerenga, ine ndizikuuza polakwika. Ana asalowe m'mayeso ndi bodza langa."

Pepala lili m'chikwama, Lolemba lipita ku ofesi. Mawa ndinyamula makope, ndikagogode pa nyumba ija. Adzatsegule ndi mayi aja, ndipo ine sindikudziwa kuti ndidzati chiyani.